Nyerere zopanda mapiko zomwe zimadziwongolera m'malere

M'nkhalango za pafupi ndi Iquitos ku Peru muli nyerere yakuda, Cephalotes atratus, yomwe ikapulumuka panthambi sigwa ngati mwala. Wofufuza wina, Stephen Yanoviak, anaziona izi ali pamwamba pa mtengo: nyerere zomwe anazisasa zinkakhota m'malere n'kukatera pa thunthu lomwelo. Mu 2005 iye pamodzi ndi Robert Dudley ndi Michael Kaspari analemba m'magazini ya Nature kuti pafupifupi 85 mwa nyerere 100 zilizonse zimabwerera pa mtengo. Nyerereyi imayamba yagwa choongoka, kenako imatembenuka, mimba kutsogolo mutu kumbuyo, n'kumawongolera ulendo ndi miyendo yakumbuyo. Maso ndiwo amatsogolera, chifukwa imalunjika pa khungwa lowala, ndipo zomwe anaziphimba maso zinkangogwera pansi. Pansipo mpoopsa. Nkhalango zina za Amazon zimamira m'madzi miyezi ingapo pachaka, nsomba zili tcheru, ndipo ngakhale pouma nyerere yosochera siipezanso njira ya kuchisa. Luso limeneli si la ku America kokha, pakuti nyerere za mtundu wa Cataulacus ku Gabon zimachitanso chimodzimodzi. Chodabwitsa kwambiri, kwa wolemba nkhaniyi, ndi kangaude wophwatalala wa mtundu wa Selenops, yemwe mu 2015 anapezeka kuti nayenso akagwa pamtengo amadziwongolera m'malere, koma amatsogoza mutu n'kuwongolera ndi miyendo yakutsogolo, osadalira ulusi. Dudley amaganiza kuti kuuluka kwa tizilombo mwina kunayamba motere, mapiko asanakhaleko.

Wolemba wanu, Shawlands, Glasgow