Imperial stout: mowa wakuda wosafuna changu

Pali mowa wina umene ukathilidwa m'tambula umaoneka monga oilo yakale yochoka mu injini ya minibasi. Ni wakuda bii, wolemela, ndipo thovu lake ni la bulauni monga khofi wa mkaka. Ukaununkhiza umamva chokoleti, khofi na shuga wopselela. Dzina lake ni imperial stout. Pa kantemba ka mu komboni simungaupeze. Umapezeka mwa apo na apo m'mabotolo sitolo akuluakulu, kapena m'chikwama cha mbale wanu wochoka ku Johannesburg kapena ku London. Tsiku limene udzafika m'manja mwanu, musaumwe monga Mosi ya pa Friday. Mukatelo mudzataya ndalama, futi mudzataya na miyendo.

Tiyambe na kumene unachokela. Mowa uyu ni wa ku London. M'zaka za m'ma 1700, fakitale ya mowa ya Thrale ku Southwark inali kuphika mowa wakuda wochedwa porter, ndipo wamphamvu kwambili unali kukwela sitima za pamadzi kupita ku Russia. Kumeneko unali kufika mpaka ku nyumba ya mfumukazi Catherine the Great, amene analamulila kuchokela mu 1762 mpaka 1796. Ndiye chifukwa chake ena amauchula kuti Russian imperial stout. Mu 1781 fakitale ija inagulidwa n'kukhala Barclay Perkins, ndipo pambuyo pake kampani ya Courage inapitiliza kuphika mowa umenewu. Mowa wamphamvu wokhala na hops wambili suonongeka msanga, so ulendo wautali wa pa nyanja ya Baltic unali kuupilila bwino.

Masiku ano amene anaudzutsa maningi ni mafakitale ang'onoang'ono a ku America. Ku California kuli Old Rasputin ya North Coast, ya 9 pelesenti. Ku Chicago, a Goose Island anayamba m'zaka za m'ma 1990 kuusunga m'migolo yamatabwa imene munali kachasu wa ku America wochedwa bourbon, n'kutulutsa Bourbon County Stout. Mgolo umaupatsa fungo la vanila na kutentha kwa whisky. Ena manje amaikamo khofi, koko, kokonati, mpaka mowa n'kumveka monga keke. Amenewo amawachula kuti pastry stout.

Nanga kuda na kutsekemela kumachoka kuti? Amene anaonapo ambuya akukonza chimela cha thobwa kapena cha mowa wamasiku seveni adziwa kale hafu ya nkhani. Mbewu imanyikidwa m'madzi, imamela, imaumitsidwa. Ku imperial stout mbewu yake ni balele. Gawo lina la chimela amalikazinga pa moto waukulu mpaka lide, monga mmene amakazingila khofi. Makina okazingila chimela chotele anawalembetsa ni Daniel Wheeler ku England mu 1817. Kukazinga kumeneku ndiko kumabweletsa mtundu wakuda na kakomedwe ka chokoleti, ngakhale mulibe chokoleti olo pang'ono.

Chachiwili, ophika amaika chimela chambili kupambana cha lager. Chimela chikachuluka, shuga nayo imachuluka. Yisiti imadya shuga n'kuisandutsa mowa, koma siitsiliza yonse. Imene yadyedwa ndiyo mphamvu, imene yatsala ndiyo kutsekemela na kulemela kuja kumene kumamatila pa lilime. Kuwawa kwa hops na kwa chimela chopselela kumabwela kudzagwila shuga ija kuti isakhale monga manyuchi. Imperial stout yabwino ni pamene ziwilizi zalingana. Ikatsekemela chabe, pakati pa tambula mudzatopa nayo. Ikawawa chabe, imamveka monga makala.

Apa ndiye pali msampha, bakamba. Lager zimene tinazolowela, monga Mosi na Castle, zili pakati pa 4 na 5 pelesenti. Castle Milk Stout ili pa 6. Guinness Foreign Extra Stout ya ku Nigeria ili pa 7.5. Imperial stout nthawi zambili imayambila pa 8, kufika 12, ndipo ina imapitilila. Tiwelenge pamodzi. Kabotolo ka 330 ml ka 11 pelesenti kali na mowa weniweni wokwana 36 ml. Botolo yolingana nayo ya lager ya 4.5 pelesenti ili na 15 ml chabe. Ndiye kuti kabotolo kamodzi ni pafupifupi lager ziwili na hafu. Mukamwa tuwili, mwamwa lager zisanu, koma pakamwa pakuuzani kuti mwamwa koko. Kachasu amachenjeza chifukwa amaocha pakhosi. Uyu sachenjeza, amakusekelela mpaka nthawi yonyamuka pampando.

Manje kamwedwe kake. Choyamba, musauzizilitse monga lager. Tinazolowela kukuwa kuti "yozizila maningi", koma kuzizila kumabisa fungo. Mowa uyu umatseguka bwino pa madigili 10 mpaka 13. Ukachoka mu filiji, usiyeni pa tebulo mphindi 15 kapena 20. Mu June na July, pamene mphepo ya Lusaka ikulowa mpaka m'mafupa, ndiye nyengo yake. Mu October, na dzuwa lija, udzakulemelani.

Chachiwili, musamwele m'botolo. Mphuno ndiyo imagwila nchito yaikulu pa kulawa, ndipo kukamwa kwa botolo kumaitsekela panja. Pezani tambula yamimba yaikulu, yopanikizika pamwamba, monga ya brandy kapena ya vinyo. Ikhale yotsuka bwino, yopanda sopo kapena mafuta, chifukwa mafuta amapha thovu. Thilani pang'onopang'ono, musadzaze. Zungulizani tambula, muone mmene mowa ukutsalila m'mbali, ndiye mununkhize.

Chachitatu, tengani pang'ono chabe, muusunge pa lilime kamphindi. Poyamba mudzamva kutsekemela, monga shuga wabulauni kapena zipatso zouma. Pakati pamabwela khofi na chokoleti chakuda. Pothela pamatsala kuwawa pang'ono na kutentha kotsika pachifuwa. Yembekezani, kambani nkhani, mubweleleko. Pakapita mphindi khumi mowa uja udzakhala wasintha chifukwa wafunda, ndipo mudzamva zimene simunamve poyamba. Tambula imodzi ingakutengeleni ola lathunthu, ndipo sikuti mwachedwa.

Kabotolo kamodzi mungagawane anthu awili kapena atatu. Si umphawi, ni mmene odziwa amachitila. Aliyense anene chimene akumva. Wina adzati khofi, wina adzati nsima ya pansi pa poto yopselela, wina adzati mabisiketi. Palibe wolakwa. Simufunika mawu a chizungu kuti mulawe mowa, lilime lanu limadziwa kale nshawa zokazinga, chimanga choocha na shuga wopsa pa mbaula.

Za kudya nazo zili na malo ake. Mowa wolemela umafuna chakudya cholimba. Michopo ya mbuzi kapena nyama ya ng'ombe yoocha imagwilizana na kupselela kwa chimela. Nshawa zokazinga za mchele zimadula shuga bwino. Chikanda cha mpilipili pang'ono nacho chimayenda. Okonda zotsekemela ayese na chokoleti chakuda kapena chitumbuwa chotentha. Koma kapenta na saladi zisiyeni, zimamila, simudzazimva n'komwe. Ndipo musayambe pa mimba yopanda kanthu.

Pali bodza limodzi lofunika kulichotsa. Ambili amati mowa wakuda umaonjezela magazi, ena mpaka amauza azimayi oyembekezela kapena oyamwitsa kuti amweko. Ai. Kuda kuja ni kwa chimela chokazinga, ayiloni ili mmenemo ni yochepa kwambili. Wofuna magazi adye chiwindi, kayela na bondwe, apite ku kiliniki. Mayi woyembekezela asakhudze mowa uliwonse. Odwala shuga achenjele kawili, chifukwa muno muli mowa na shuga pamodzi. Wosakwanitsa zaka 18 lamulo limamukaniza. Ndipo amene muli na makiyi a motoka, kumbukilani masamu aja: kabotolo kamodzi si "kamodzi chabe" kamene mumauza a tilafiki.

Chosangalatsa china n'chakuti mowa uyu umasungika. Lager ikakhalitsa imaonongeka, koma imperial stout yambili ingakhale chaka kapena kupitilila ngati mwaiimika pamalo ozizila, amdima. Ukali wake umafewa, kakomedwe ka zipatso zouma kamakula. Koma ija yoikamo khofi imwani msanga, chifukwa fungo la khofi limathawa.

Ngati imperial stout simunaipeze, yambani na zimene zili pafupi. Tengani milk stout kapena Guinness, muisiye ifundeko, muthile m'tambula, mununkhize musanamwe. Ni sukulu yabwino, ndipo siidya malipilo onse. Dziko lino linaona kale zimene mowa wamphamvu womwa mothamanga umachita, mpaka boma linaletsa tujilijili mu 2012. Imperial stout nayo ni yamphamvu, koma anaipangila munthu wokhala pansi, wadya, ali na anzake awili na madzi akumwa pambali. Mukaimwa choncho, m'mawa mudzauka mukukumbukila kakomedwe kake, osati kufunafuna mankhwala a babalaza.