TIDZIWE MAU ATHU: "ANATEMA"

Mwezi uno tikambirane za liu lolemera limene timalipeza m'Malembo Oyera ndi m'mbiri ya Eklezia: anatema. Liuli ndi la Cigiriki. Poyamba linkatanthauza mphatso yopatulika yoikidwa m'kacisi. Ayuda pomasulira Cipangano Cakale m'Cigiriki, analigwiritsa nchito ponena za cinthu coperekedwa kwa Mulungu kuti cionongedwe, monga mzinda wa Yeriko. Akani atabisa zina mwa zinthu zotere, tsoka linagwera Aisraeli onse (Yoswa 7). Motero anatema inadzatanthauza cinthu cotembereredwa, conyansa, cosayenera kucikhudza.

Paulo Woyera ananena liuli kwa aliyense wolalika uthenga wacilendo (Agalatiya 1:8). Misonkhano ya Maepiskopi, monga wa ku Trent (1545-1563), inkatsutsa nalo ziphunzitso zonama. Koma Msonkhano Waciwiri wa ku Vatican (1962-1965) sunaweruze munthu ndi liuli. Ndipo pa 7 December 1965, Papa Paulo VI ndi Patriarki Athenagoras anafafaniza ziweruzo zocotsana mu Mpingo za m'caka ca 1054.

Nanga ife m'mabanja mwathu? Tikapsa mtima timauza mwana kuti, "Sudzaona mwai iwe!" Mkwiyo umatha, koma mwana amakula atasenza mauwo. Paulo yemweyo anali wokonzeka kutembereredwa iye mwini kuti abale ake apulumuke (Aroma 9:3). Ngati Eklezia inabweza mau amene anakhala zaka zoposa 900, kodi ife tingalephere kubweza temberero la dzulo? Makolo anzathu, timuitane mwanayo, timudalitse.