Bungwe la aphunzitsi: mphamvu zake zatsalira pati?

Chigwa cha Domasi, m'boma la Zomba, chimadziwika ndi aphunzitsi. Kuno ndi kumene kuli Domasi College of Education, yomwe imasula aphunzitsi a sukulu za sekondale, komanso Malawi Institute of Education, yomwe imakonza silabasi ndi mabuku. Ndi chifukwa chake nkhani za bungwe la Teachers Union of Malawi, lomwe ambiri amangoti TUM, sizimveka zachilendo kuno.

TUM ndi bungwe la mamembala, osati nthambi ya boma. Ndalama zake zimachokera ku chopereka chomwe chimadulidwa pamalipiro a membala mwezi ndi mwezi. Atsogoleri ake amachita kusankhidwa, kuyambira m'maboma mpaka kulikulu, ndipo bungweli lili pansi pa mgwirizano wa mabungwe a apantchito wa Malawi Congress of Trade Unions. Ufulu wolowa m'bungwe lotere uli m'ndime 31 ya malamulo aakulu a dziko a 1994, ndipo lamulo la Labour Relations Act la 1996 lidakhazikitsa bwalo lozenga milandu ya apantchito. Mpingo nawo sutsutsa: m'kalata yake ya 1981, Laborem Exercens, Papa Yohane Paulo Wachiwiri adavomereza mabungwewa, nati sitalaka ndi yololedwa pokhapokha njira zina zikalephereka.

Komatu anthu ambiri amalikumbukira bungwe pa nthawi ya sitalaka yokha. Mu February 2013 ogwira ntchito m'boma adanyanyala ntchito mpaka boma la Mayi Joyce Banda lidakweza malipiro a olandira zochepa ndi 61 peresenti. Mu June 2017 aphunzitsi adaika choko pansi kaamba ka ndalama za tchuthi, ana asukulu nakhamukira m'misewu. Mu 2021 adanyanyalanso pofuna ndalama za ukadziotche pa nthawi ya Covid-19, koma zomwe ankafuna sizidatheke.

Chaka chomwecho Nyumba ya Malamulo idasintha lamulo lija. Tsopano olemba ntchito ali ndi mphamvu yodula malipiro a wantchito amene wanyanyala ntchito kupyola masiku atatu pachaka. Apa ndiye pagona nkhani. Mphunzitsi wa kumudzi amene malipiro ake adya kale ndi ngongole, kenaka kwacha nkugwa ndi 44 peresenti monga zidachitikira mu November 2023, angapirire masiku angati osalandira? Chida chomwe bungwe linkadalira chabuntha, ndipo amene amva kuwawa ndi membala, osati mtsogoleri.

Chatsala ndi ntchito yosamveka pawailesi: kulondola malipiro otsalira a mphunzitsi amene adakwezedwa pakalata pokha, kuimirira amene wasamutsidwa mosatsata ndondomeko, kuthandiza wamasiye kupeza ndalama za malemu, ndi kupita kokambirana ndi boma ali ndi maina ndi ziwerengero zenizeni m'manja. Zoterezi zimafuna nthumwi yodziwa malamulo pasukulu iliyonse ndi pazoni iliyonse, yoti dandaulo lisafere mu ofesi ya mphunzitsi wamkulu. Zimafunanso kuti mamembala aziuzidwa momwe chopereka chawo chayendera, pakuti wodulidwa ndalama mwezi uliwonse ali ndi ufulu wofunsa.

Palinso gulu lomwe limaiwalika. Achinyamata amene amaliza maphunziro a uphunzitsi nkukhala zaka akudikira kulembedwa ntchito alibe malipiro oti nkudulapo chopereka, choncho mawu awo m'bungwe ndi ochepa. Chonsecho iwowa ndiwo akadachepetsa chiwerengero cha ana m'makalasi odzadza a Zomba kumudzi, omwe akulemetsa mamembala a TUM lero lino.