Nthano zimayenda zikadindidwa

Chaka chilichonse m'mwezi wa May, khamu la anthu limasonkhana ku Speedway, tauni yozunguliridwa ndi mzinda wa Indianapolis ku Indiana, kukaonera mpikisano wa magalimoto wa Indianapolis 500 umene unayamba mu 1911. Nkhope ya wopambana imaikidwa pa chikho chasiliva cha Borg-Warner. Pamwamba pa chikhocho paima mwamuna wosavala, mbendera ili m'manja, wopangidwa motsanzira ziboliboli za ochita masewera a ku Greece wakale.

Luso ndi nthano za Agiriki ndi Aroma sizinayende zokha mtunda wonsewu. Ena mwa amene anazinyamula ndi amisiri odinda zithunzi a ku Ulaya m'zaka za m'ma 1400 ndi 1500. Mmisiri ankazokota chithunzi pa mkuwa wosalala, n'kupaka inki m'mizeremo, kenako n'kupsinjirapo pepala lachinyezi ndi makina. Mkuwa umodzi unkatulutsa zithunzi mazanamazana, zopepuka kunyamula, zotsika mtengo, zofika m'nyumba zimene zojambula za mafumu sizikanalowamo.

Mu 1588, ku Haarlem, Hendrick Goltzius anadinda chithunzi cha Phaeton, potengera chojambula cha Cornelis van Haarlem. Phaeton anali mwana wa mulungu wa dzuwa, ndipo anaumirira kuyendetsa galeta la bambo ake. Mahatchi anamuposa mphamvu, dziko linayamba kupsa, mulungu wamkulu Jupiter n'kumukantha ndi mphezi. Goltzius anamuonetsa akugwa kuchokera kumwamba, manja ndi miyendo zili balala. Cha m'ma 1501, Albrecht Dürer wa ku Nuremberg anali atadinda kale Nemesis, mkazi wamapiko woima pa mpira, chikho kudzanja lina, zingwe zowongolera hatchi kudzanja linalo: mphotho kwa wodziletsa, chilango kwa wodzikuza. Woyendetsa aliyense wa ku Speedway angamve uthengawu popanda womasulira. Makolo athu ananena kale kuti kuthamanga sikufika.

Chimene chimandiwawa n'chakuti ifenso tili ndi nkhani zolemera chimodzimodzi: Napolo wogumula mapiri, Mbona wa ku Khulubvi ku Nsanje, phazi la pa Kaphirintiwa. Amisiri a ku Kungoni ku Mua aonetsa kuti zoterezi zimasemeka bwino pamtengo. Koma chosema chimodzi chimakhala malo amodzi, pamene chodinda chimafika m'sukulu zambiri tsiku limodzi.

Amisiri athu, zokotani nthanozi pathabwa, muzidinde papepala, ana athu azione ndi maso nkhalamba zozidziwa zisanathe.