Foni Ikaloza Kolakwika

Ambirife tikapita kudera lachilendo, kaya ku msonkhano wa misasa kaya kukazonda wodwala m'tauni, timadalira mapu a pa foni. Pa Google Maps pamaoneka kadontho kabuluu kokhala ndi kakuwala koloza komwe tayang'ana. Koma nthawi zina kakuwalako kamaloza kum'mawa pamene ife tayang'ana kumpoto. Tikakatsata, timangozungulira ndi ana kumbuyo mpaka dzuwa kutilowera m'njira.

Gwero lake n'losavuta kumva. M'foni muli kachipangizo kakang'ono kogwira ntchito ngati kampasi. Kamayeza mphamvu ya maginito ya dziko lapansi, ndipo ndi mphamvu imeneyi imene imakauza komwe kuli kumpoto. Koma mphamvuyo ndi yofooka kwambiri. Kamaginito komata pa chitseko cha filiji kamaiposa kambirimbiri mukakayandikitsa. N'chifukwa chake chikwama cha foni chotseka ndi maginito, sipika ya wailesi, zitsulo za galimoto ngakhale malata zimatha kuisokeretsa.

Kukonza kwake sikulira ndalama. Chotsani foni m'chikwama chija, tulukani panja, kutali ndi galimoto ndi zitsulo. Kenako iyendetseni m'malere ngati mukulemba nambala 8, mukuitembenuzira mbali zonse, katatu kapena kanayi. Potero kachipangizoko kamayeza mphamvuyo kuchokera mbali zonse n'kuzindikira chimene chinkakapotoza. Kakuwala kaja kakachepa m'lifupi, ndiye kuti zakhala bwino. Mukafuna kutsimikiza, yang'anani dzuwa: m'mawa lili kum'mawa, madzulo lili kumadzulo. Tiphunzitsenso ana athu zimenezi, ndiponso kufunsa njira kwa eni dera, pakuti batire limatha.

Chimene chimatiopsa n'chakuti nthawi zina foni yosokera siidziwa kuti yasokera. Imaloza molimba mtima ngati kale. Chikumbumtima chathu chilinso chimodzimodzi. Mlungu wonse chimakhala pafupi ndi zinthu zokoka: ngongole, mkwiyo, zocheza za pa WhatsApp, chilakolako cha ndalama. Pang'ono ndi pang'ono chimapendekeka ife osazindikira, mpaka kulankhula mwaukali kwa amene tili nawo pabanja kuyamba kuoneka ngati chilungamo.

Mulungu anatipatsa tsiku lotalikirana ndi zokokazo. Lachisanu dzuwa likamalowa, tiike mafoni pambali, tisonkhane pabanja, titsegule Mawu ake. Pamenepo tidzaona komwe mtima unayamba kuloza, ndipo tidzakonza mlungu wina usanayambe.