KOBIRI LIMODZI LA KU ALEXANDRA

Pa 7 January 1957 kampani ya mabasi ya PUTCO inakweza mtengo wa ulendo wocokera ku Alexandra kunka pakati pa mzinda wa Johannesburg. Anthu anali kulipira makobiri 4. Tsopano anauzidwa kuti azilipira 5. Anthu a ku Alexandra anakana kukwera. Amuna ndi akazi zikwi zambiri, ena a iwo okalamba, anayamba kuyenda pansi mtunda wa mamailosi 9 m'mamawa, ndi mamailosi 9 ena madzulo ataweruka ku nchito, ndipo anacita cotero pafupifupi miyezi itatu, pa dzuwa ndi pa mvula. Mau ao anali a Cizulu, "Azikhwelwa," ndiko kunena kuti mabasiwo sakweredwa. Potsiriza pace eni masitolo ndi mafakitale a mu Johannesburg Chamber of Commerce anabvomera kulipira kobiri lija, ndipo caka comweco Boma linaika lamulo lakuti olemba anthu nchito azithandiza kulipira mtengo wa mabasi.

Ena amene anaona khamu lija likudzaza mseu wa Louis Botha Avenue anadabwa kuti munthu angathe nsapato zace cifukwa ca kobiri limodzi. Odabwawo sanali anthu olandira malipiro pa sabata. Munthu wa nchito adziwa kuwerenga kwace: kobiri popita ndi kobiri pobwera, masiku 6, ndiyo shileni yathunthu pa sabata, pa caka ndiwo mapaundi 2 ndi mashileni 12. M'nyumba imene bambo ndi mai onse akwera basi, ciwerengeroco cikhala kawiri. Kwa wolemera kobiri ndi kanthu kakugwa pansi osakatola. Kwa wosauka ndi nyama ya tsiku la Sabata, kapena bukhu la mwana.

Nkhani iyi iyenera kukumbukiridwa ndi Amalawi onse amene agwira nchito ku Johannesburg, mzinda umene kumudzi aucha Joni, pakuti funso la anthu a ku Alexandra ndilo funso lao lomwe: pa ndalama zimene munthu wakhetsera thukuta, ndi zingati zimene zifika kumene iye anafuna kuti zifike, ndipo zotsalazo watenga ndani?

Makolo a anthu a ku Nyasaland sanayambe ndi kukonda ndalama ai. Cuma ca munthu cinali m'nkhokwe, m'khola ndi m'kucuruka kwa abale ace. Ndalama zinalowa m'midzi ndi msonkho. M'zaka za 1890 Boma la Harry Johnston linaika msonkho wa nyumba, ndipo munthu amene anali ndi cimanga cokwanira caka conse anapezeka kuti ali wamangawa cifukwa analibe mashileni atatu. Minda ya Azungu ya ku Mulanje ndi ku Colo inali kulipira zocepa. Koma kummwera, kumene golidi anapezeka mu 1886, migodi inali kufuna manja. Kotero anyamata anayamba ulendo, oyamba aja pa miyendo, kudzera ku Tete ndi ku Harare. Ngakhale Hastings Kamuzu Banda, asanapite ku America kukaphunzira, anagwirako nchito ya ukalaliki pa mgodi wina kufupi ndi Boksburg.

Pambuyo pace ulendowo unalowa m'manja mwa Wenela, bungwe la eni migodi lolemba anthu. Kuyambira m'zaka za 1950 munthu anali kukwera ndege kufika ku Francistown, ndi kucokera kumeneko sitima ya pamtunda kufika ku Johannesburg. Malipiro anali oipa, ndipo palibe cifukwa ca kubisa. Mu August 1946, pamene anchito a m'migodi okwana ngati 70,000 anakana kutsika pansi, motsogozedwa ndi J. B. Marks, anali kupempha mashileni 10 pa tsiku. Cimene anali kulandira cinali mashileni awiri ndi makobiri owerengeka. Apolisi anathetsa sitalakayo m'masiku ocepa, anthu ena nafa, ndi oposa 1,000 nabvulala.

Koma panali cinthu cimodzi m'kacitidwe ka Wenela cimene ciyenera kuyesedwa mofatsa. Munthu sanali kulandira malipiro ace onse pa mgodi. Gawo lina linali kusungidwa, ndipo anali kukalitenga atabwerera kwao pakutha pa kontrakiti. Lamuloli silinaikidwe cifukwa ca cifundo. Eni migodi anafuna kuti munthu asathawe nchito, ndipo Boma la kwao linafuna kuti ndalama za ku South Africa zilowe m'dziko. Linayesa mwamuna wamkulu, wa mkazi ndi ana, ngati mwana wosadziwa kugwira ndalama, ndipo amene anadandaula sanalakwe. Komabe coonadi cina nacinso ici: ndalamazo zinafika. Nyumba za malata zoyamba m'midzi yambiri ya ku Mzimba, ku Dedza ndi ku Ncheu, njinga, makina osokera, ng'ombe, ndi mafizi a ana amene anadzakhala aphunzitsi ndi makalaliki, zambiri zinacokera pa zenera la Wenela. Amene anapita pa okha, opanda wowasungira, ena anabwera ndi cuma coposa; koma mwa iwonso ndimo munacuruka machona, amene manyazi a kubwera cimanjamanja anawasunga kunja kufikira imfa.

Njira imeneyo inatsekeka. Pa 4 April 1974 ndege ya Wenela inagwa ku Francistown, nafa Amalawi oposa 70, ndipo Dr. Banda analetsa kulemba anthu. Amuna oposa 100,000 anabwerera kwao. Kulemba kunayambanso mu 1977 koma kwa owerengeka, ndipo kuyambira 1988, pa mkangano wa kuyeza anthu kacirombo ka Edzi, otsalawo anabwezedwa. Ku Blantyre dzina la Wenela latsala pa malo okwerera mabasi.

Anthu sanaleke kupita. Mabasi adutsabe pa Mwanza, pa Tete, pa Nyamapanda ndi pa Beitbridge, odzaza ndi anyamata ndi atsikana a ku Mangochi, a ku Mzimba ndi a ku Nkhata Bay. Koma sapitanso ku komponi. Asamala maluwa pa nyumba za olemera, aphika, alera ana, asoka zobvala, anyamula katundu m'masitolo a ku Mayfair ndi ku Fordsburg, amanga nyumba, alonda usiku. Ndalama azilandira zonse m'manja, ndipo palibenso zenera lowasungira. Uwu ndi ufulu, ndipo palibe munthu wanzeru amene angafune kubwerera ku masiku a citupa ndi komponi. Koma ufulu umenewu uli ndi nchito yace: cimene Wenela anali kucita mokakamiza, tsopano munthu ayenera kudzicitira yekha, pakati pa manja ambiri amene adikira malipiro ace.

Dzanja loyamba ndi la bwana. Kuyambira pa 1 January 2019 South Africa ili ndi lamulo la malipiro ocepetsetsa. Linayamba ndi R20 pa ora. Mu March 2022 anchito a m'nyumba anafanizidwa ndi anzao onse. Mu March 2025 linafika pa R28.79 pa ora, ndiko kuti R230 pa tsiku la maora 8. Amalawi ambiri alandira zocepera pamenepo, nakhala cete, cifukwa aganiza kuti munthu wopanda mapepala alibe pakamwa. Koma mu 2008 Bwalo la Milandu ya Anchito, pa mlandu wa kampani ya Discovery Health, linagamula kuti mlendo amene cilolezo cace catha akhalabe wanchito pamaso pa lamulo, ndipo angathe kukadandaula ku CCMA, kumene salipiritsa. Mantha a munthu wotere ndi omveka, pakuti wodandaula adziwika. Koma bwana amene acotsa R50 pa tsiku watenga R1,000 ndi kuposa pa mwezi, ndipo mbiri yakuti Amalawi ndi anthu ofatsa ndi okhulupirika, imene ambiri anyadira, kwa mabwana ena itanthauza kuti ndi anthu otsika mtengo.

Zotsala zidyedwa ndi lendi ya kacipinda kakuseri kwa nyumba ya wina ku Diepsloot kapena ku Tembisa, ndi takisi ya m'mamawa ndi madzulo, imene ndiyo kobiri la ku Alexandra la masiku ano. Mwezi usanathe munthu apita kwa mashonisa, amene kumudzi amucha wa katapila, ndipo amene walowa pakhomo limenelo kamodzi agwirira nchito munthu wina osadziwa. Palinso njuga. Kale inali fafi wa m'makwalala. Lero iri m'foni, m'dzina la mpira, ndipo siitseka usiku.

Za kutumiza ndalama ziyenera kunenedwa padera. Kale munthu anali kupatsira mnzace wopita kumudzi, kapena woyendetsa basi, nagona osapeza tulo kufikira kalata itabwera. Lero makampani monga Mukuru, Mama Money ndi Hello Paisa afikitsa ndalama tsiku lomwelo, ndipo mai wa kumudzi azilandira pa Airtel Money kapena pa Mpamba. Ici ndi cinthu cabwino ndithu. Koma World Bank yakhala ikuonetsa kwa zaka zambiri kuti kutumiza ndalama kucokera ku South Africa kuli ndi mtengo wokwera koposa maiko ena akuru a dziko lapansi. Wotumiza afunse zinthu ziwiri, osati cimodzi: cimene amlipiritsa pa kauntala, ndi makwacha amene randi imodzi ikabala kwao. Pena mtengo wa pa kauntala uoneka wocepa, koma phindu la kampani labisala m'kusintha. Kusiyana kwa R20 pa ulendo umodzi kuoneka ngati cabe. Anthu a ku Alexandra akadakuwerenga pa caka.

Ndipo ndalama zikafika sizikhala zimene zinanyamuka. Mu May 2022 kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti, ndi mu November 2023 ndi 44 peresenti. Wa ku Joni anakondwa tsiku loyamba poona kuti randi yace yabala makwacha ambiri. Pasanapite nthawi feteleza, simenti, malata ndi shuga zinakwera, ndipo cimwemweco cinatha. Koma abale anaona ciwerengero cacikuru pa foni, naganiza kuti mwana wao walemera.

Apa pali mau a kwa otsala kumudzi, ndipo anenedwe mosabisa. Ku Johannesburg ndalama sizitoledwa pa mseu. Mlongo amene atumiza R500 kawirikawiri wadzimana nyama mwezi wonse, nagona anthu anai m'cipinda cimodzi. Mtolo wa maliro, wa odwala ndi wa mafizi ndi wa banja lonse, ndipo palibe mwana wolongosoka amene aukana. Koma nkhani za munthu amene anatumiza ndalama za nyumba zaka zisanu, nabwera kudzapeza maziko okha atamera udzu, zamveka m'maboma ambiri kotero kuti sizidabwitsanso. Mbale wakudya ndalama za njerwa sasiyana ndi bwana wocotsa malipiro. Angosiyana pakuti wina sangamtengere ku bwalo osapasula mudzi. Cifukwa cace ambiri acita bwino kulowa cipereganyu ndi anzao odziwana, cimene eni dziko acicha stokvel, ndi mabungwe a maliro, pakuti kunyamula mtembo kucokera ku Johannesburg kufika ku Malawi kungathe kumeza zonse zimene munthu anasunga. Acitanso bwino amene atumiza mafizi ku sukulu kweni kweni, ndi ndalama za malata ku sitolo, osadzera m'matumba atatu. Ndipo amene angathe kutsegula bukhu la banki atsegule. Mu May 2008, pamene cipolowe ca kupitikitsa alendo cinabuka ku Alexandra komwe kuja, nafa anthu 62 m'dziko lonse, ambiri othawa anasiya ndalama zao pansi pa matiresi m'nyumba zoyaka moto.

Zatsala ndalama zina, zimene eni ace sanazilandire konse. Amuna a Wenela anabwera ndi malata, koma ambiri anabweranso ndi pfumbi la miyala m'mapapo, nthenda imene madokotala aicha silicosis, pamodzi ndi cifuwa cacikuru. Anakhosomola m'midzi zaka zambiri, ena nanenedwa kuti alodzedwa. Mu July 2019 Bwalo Lalikuru la ku Johannesburg linabvomereza pangano la R5 biliyoni pakati pa anchito akale ndi makampani asanu ndi limodzi: African Rainbow Minerals, Anglo American South Africa, AngloGold Ashanti, Gold Fields, Harmony ndi Sibanye-Stillwater. Bungwe la Tshiamiso Trust linakhazikitsidwa kuti ligawe ndalamazo, ndipo linapatsidwa zaka 12 zokha. Panganolo likhudza amene anagwira nchito ya pfumbi pa migodi yochulidwa ya makampani amenewa pakati pa 12 March 1965 ndi 10 December 2019, posayang'ana dziko limene anacokera. Ngati mwini anamwalira ndi nthendayo, mkazi ndi ana angathe kupempha. Kulembetsa nkwaulere, ndipo munthu aliyense woyenda m'midzi kutolera ndalama kuti "afulumize mapepala" ndi mbala.

Anchito akale a ku Malawi akhala akupempha za ndalama zao kwa maboma osiyanasiyana kwa zaka zambiri, ndipo Boma liyenera kuyesa nkhaniyi mangawa ace, popeza linadya nao ndalama za Wenela pamene zinali kulowa. Koma zidzukulu zimene ziri ku Johannesburg lero ziri pafupi ndi maofesi kuposa agogo ao. Zifunse kumudzi dzina la mgodi, zaka zimene mkuluyo anagwira, ndi nambala yace ya nchito. Zipemphe kuti bokosi lakale litsegulidwe, kuti khadi la Wenela ndi mapepala a cipatala apezeke ciswe cisanawathe. Mnyamata amene anatsika mgodi mu 1970 ali ndi zaka 20 anakwanitsa zaka 75 mu 2025.