Amene Ali M'madzi Asatsekedwe Pakamwa

Pali dandaulo limene likumveka pakati pa anthu ophunzira, lakuti utolankhani walowa chisawawa. Akuti chiyambire 2006, pamene Nyasa Times idayamba kufalitsa nkhani pa intaneti, ena monga Malawi24 natsatira, aliyense wokhala ndi foni wasanduka mtolankhani, kaya ndi msodzi, mlimi kapena wakabaza. Choncho akufuna kuti boma likhwimitse malamulo, nkhani zibwerere m'manja mwa eni satifiketi. Ife tikukana.

Tiyang'ane ku Chikwawa ndi ku Nsanje, kumene mtsinje wa Shire umafikitsa madzi ochoka m'nyanja yathu ino pa Mangochi. Mu Januwale 2022 namondwe wa Ana adaononga malo opangira magetsi a Kapichira nadula msewu wa M1 ku Chikwawa. Mu Malichi 2023 kudafika Freddy. Nyuzipepala zikuluzikulu zili kumtunda, ku Blantyre. Msewu ukaduka, mtolankhani wa satifiketi atsikira pati? Amene amaona madzi a Ruo akulowa m'nyumba ku Makhanga ndi mwini mudzi, ataima pachulu, foni ili m'manja. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Kumuuza munthu ameneyu kuti adikire wophunzira adzamuyankhulire ndi nkhanza.

Otitsutsa atikumbutsa za 2017, pamene mphekesera za anamapopa zidaphetsa anthu osalakwa m'maboma a kummwera monga Mulanje ndi Phalombe. Izi zidachitikadi, ndipo n'zomvetsa chisoni. Koma mphekesera zija zidalibe mwini: ambiri ankangoti amva. Mayi wa ku Bangula wonena dzina lake, mudzi wake ndi tsiku limene mlatho wakokoloka ndi mboni, ndipo akanama tingamupeze. Kumuika m'gulu limodzi ndi wamphekesera ndi kupotoza chilungamo.

Malamulo okhwima alipo kale. La mu 2016 loona za pa intaneti lamangitsa anthu chifukwa cha zolemba zawo, koma bodza silidathe. Mantha amayamba kutseka pakamwa pa wonena zoona, poti iye ndiye amadziwika dzina. Wabodza amangobisala n'kupitiriza.

Mankhwala ali m'nyumba zathu. Akatswiri a Hadith sankalandira nkhani asanadziwe amene adainena ndi amene iye adaimvako, ndipo sankafunsa ngati munthuyo ndi wolemera kapena wosauka. Nafenso uthenga ukafika pa WhatsApp, tisanautumize tifunse mafunso atatu: waona ndani, kuti, ndipo liti? Ukasowa mayankho, uthere pafoni yathu, pakuti kandimverere adakanena za m'maluwa. Ukakhala nawo, tiufalitse msanga. Kuseri kwa uthengawo kuli banja limene lakwera mumtengo, likudikira bwato.